Bondo Lachitsulo Likamavuta Mukatuluka M'chipatala: Zizindikiro, Zoyambitsa ndi Zochita

Madandaulo a anthu amene anachitidwa opaleshoni yosintha bondo amafanana kwambiri. Uyu akuti latupanso, uyu akuti lakana kupinda, winayo akuti usiku tulo sakutiona. Amabwera mobwerezabwereza, makamaka m'miyezi 3 yoyamba, ndipo ambiri mwa iwo gwero lake ndi kutupa komanso muyezo wa mafizo. Ena amachita mopyola, ena amaopa ululu n'kumangogona. Onse awiri amakathera pa bondo louma.

Pa opaleshoniyi dokotala amasenga nsonga za fupa la ntchafu ndi la msongolo, n'kuzivindikira ndi zitsulo, pakati pake n'kuikapo pulasitiki yolimba yoti chitsulo chizitsetserekapo. Zoikidwazo zimakhala zolimba kuyambira tsiku loyamba, n'chifukwa chake ambiri amawaimiritsa ndi kuwayendetsa tsiku lomwelo kapena mawa lake. Chimene chimachedwa kuchira ndi minofu ndi khungu zimene zinachekedwa. Zoyambitsa zili m'munsimu zayamba ndi zofala kwambiri, n'kumatsika. Ngati dokotala wanu anakupatsani malamulo osiyana ndi awa, tsatirani ake, chifukwa ndiye anaona m'kati mwa bondo lanu.

Izi zikachitika, siyani mafizo, thamangirani kuchipatala

- Kubanika mwadzidzidzi, kupweteka pachifuwa popuma, kapena kutsokomola magazi. Magazi oundana m'mwendo akhoza kukatseka mitsempha ya m'mapapo, ndipo izi zimapha.
- Katumba watupa, walimba kuti gwa, akutentha ndi kupweteka.
- Kutentha thupi kufika madigiri 38 kapena kupitirira, kunjenjemera, bondo likufiira ndi kupweteka mowonjezereka.
- Bala latseguka, kapena likutulutsa mafinya.
- Mwagwa, kapena mwamva china chake chikuduka m'bondo, ndiyeno simukutha kuponda kapena kukweza mwendo uli wowongoka.
- Phazi lazizira, lasintha mtundu, kapena mwalephera kulidzutsa m'mwamba.

1. Bondo latupa, kapena latupanso litayamba kuphwa

Kutupa kumatha kukhalapo miyezi 3 mpaka 6, kwa ena kupitirira apo. Koma musakutenge ngati chinthu chongoyembekezera kuti chithe chokha. Madzi akadzadza m'bondo, amalanda malo oti lipindikire, komanso amachititsa kuti mnofu wa kutsogolo kwa ntchafu usamamve bwino zimene ubongo ukuulamula. Mavuto ambiri otsatirawa amayambira pano.

Zoyambitsa:
1. Kuyenda kapena kuimirira nthawi yaitali. Izi zimachitika kwambiri sabata yachiwiri ndi yachitatu, munthu akayamba kumvako bwino n'kuganiza kuti abwezere masiku amene anagona.
2. Kukhala pampando maola ambiri mwendo uli lende.
3. Kukweza mwendo kosakwanira. Kuusanjika pa kampando inu mutakhala tsonga si kukweza kumeneko.
4. Magazi oundana m'mitsempha ya mwendo.
5. Magazi kutuluka m'kati mwa bondo, makamaka kwa amene akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana, kapena tizilombo kulowa m'bondo.

Fufuzani motere. Tengani tepi yoyezera, muyeze kuzungulira bondo pamalo amodzimodzi m'mawa ndi madzulo, n'kumalemba. Kutupa kobwera chifukwa cha ntchito kumakula madzulo, m'mawa n'kupezeka kwatsika. Kutupa kosatsika mutagona usiku wonse, kapena kobwera ndi ululu wa katumba, n'kofunika dokotala tsiku lomwelo.

Zochita:
- Gonani chagada, mwendo wonse muusanjike pa mapilo mpaka phazi likhale pamwamba kuposa mtima, bondo lili lowongoka. Chitani zimenezi kangapo patsiku.
- Ikani ayezi wokulunga m'kansalu kwa mphindi 15 mpaka 20. Osamuika pakhungu penipeni, chifukwa mbali ina ya bondo imakhala ya dzanzi ndipo mutha kupsa osamva.
- Gwedezani phazi, m'mwamba ndi pansi, ola lililonse mukakhala maso. Katumba akamagwira ntchito amakankhira magazi kumtima.
- Duladulani ulendo. Kuyenda mphindi 5 kangapo patsiku kumaposa kuyenda theka la ola kamodzi.

Muyezo wabwino wa mafizo ndi uwu: ululu ndi kutupa zikakwera mutachita zinazake, ziyenera kubwerera pamene zinali pasanathe maola 24. Zikapitirira, ndiye kuti dzulo munaonjeza. Chepetsani, koma musasiyiretu.

Mikwingwirima yakuda imene imatsikira kukatumba mpaka kukakolo m'masabata 2 oyamba ndi magazi a pa opaleshoni amene akutsika ndi kulemera kwake. Imaopsa poiona, koma imazimiririka yokha.

2. Bondo lakana kupinda

Apa ndi pamene nthawi imavuta kwambiri. A mafizo amayeza kupinda kwa bondo m'madigiri ndi kachipangizo kotchedwa goniometer. Bondo lowongoka kuti nga ndi 0. Kuyenda pamalo osalala kumafuna madigiri pafupifupi 65, kukwera ndi kutsika masitepe pafupifupi 90 mpaka 100, kudzuka pampando wamba kupitirira pang'ono 90, ndipo kupalasa njinga mozunguliza bwino pafupifupi 110. Ambiri amayembekezeredwa kufika 90 m'masabata ochepa oyamba, n'kumakwera mpaka 110 kapena 120 pofika miyezi 3.

Zoyambitsa:
1. Kutupa.
2. Ululu wosathandizidwa mokwanira, moti minofu imadzikunga mukangoyamba kupinda.
3. Kuchita mafizo kamodzi patsiku, kapena pokhapokha mukakumana ndi a mafizo.
4. Bondo linali louma kale opaleshoni isanachitike. Mmene linkapindira kale ndi chimene chimalosera kwambiri mmene lidzapindire pambuyo pake.
5. Zipsera zam'kati zachuluka n'kumata minofu.
6. Chitsulo chakula kapena sichinakhale bwino, kapena muli matenda obisika. Izi n'zosowa, ndipo amazipeza ndi ekisire ndi kuyeza magazi.

Fufuzani motere. Khalani pampando womwewo tsiku lililonse, matako asasunthe, kokerani phazi kumbuyo mpaka pamene lathera, n'kuika chizindikiro pansi pamene pafika chala chachikulu. Chizindikirocho chiyenera kumasunthira kumbuyo sabata ndi sabata. Mverani komanso mmene likuthera. Likamathera mofewa, ngati likadapita likanapanda ululu, vuto ndi kutupa ndi mantha a minofu. Likamathera molimba ngati lagunda khoma, a mafizo adziwe msanga.

Zochita:
- Imwani mankhwala opha ululu mphindi 30 mpaka 45 musanayambe mafizo, monga anakulemberani.
- Mutagona chagada, kokani chidendene chikutsetsereka pabedi kupita kumatako. Kolekani thaulo kuphazi kuti manja athandize. Mukafika pamene pakukoka, gwirani pomwepo masekondi 20 mpaka 30 mukupuma bwino.
- Mutakhala pampando, pindani mpaka pothera, phazi likhazikike pansi, kenako sunthirani matako kutsogolo pang'ono.
- Njinga yopalasa pamalo amodzi imathandiza kwambiri. Kwezani chishalo, yambani ndi kugwedeza mapedulo kutsogolo ndi kumbuyo osazunguliza. Ambiri amayamba kuzunguliza chobwerera m'mbuyo asanathe kupita kutsogolo.
- Chitani pang'onopang'ono maulendo 4 kapena 5 patsiku.

Pali chikhulupiriro chakuti mafizo abwino ndi olizitsa munthu. Ine sindigwirizana nacho. Kukoka kowawa pang'ono n'kofunika, koma kukanikiza bondo mwamphamvu mpaka munthu kukuwa kumalitupitsa, ndipo mawa lake limapinda mochepa kuposa dzulo. Achibale ofunitsitsa kuthandiza ndi amene amalakwitsa kwambiri pamenepa. Makina opinda ndi kuwongola bondo okha munthu atagona, otchedwa CPM, nawonso musawadalire: kuunika kwa 2014 kwa bungwe la Cochrane, limene limasanthula kafukufuku wa zaumoyo, kunapeza kuti phindu lake n'lochepa kwambiri.

Pitani kwa dokotala wa opaleshoni ngati pofika masabata 6 simunakwane madigiri 90, kapena ngati padutsa masabata 2 popanda kusuntha kulikonse. Akhoza kukugonetsani ndi mankhwala n'kulipinda bondo kuti zipsera zam'kati zimatuke. Njira imeneyi imagwira bwino ikachitika masabata 12 asanathe. Kudikira kuti mwina lifewa lokha n'kumene kumataya mwayiwo.

3. Bondo lakana kuwongoka

Anthu amatanganidwa ndi kupinda n'kuiwala kuwongola, chonsecho bondo losawongoka ndi limene limavutitsa kwambiri poyenda. Munthu akaimirira pa bondo lopindika pang'ono, ntchafu imagwira ntchito osapuma, mwendo umakhala ngati wafupika, ndipo amatopa msanga.

Zoyambitsa:
1. Pilo pansi pa bondo. Amapereka mpumulo wokoma, ndipo ndi amene amaumitsa mawondo ambiri ali opindika.
2. Kukhalitsa pampando, makamaka wofewa wopendekera kumbuyo.
3. Minofu ya kumbuyo kwa ntchafu ndi katumba yakungika.
4. Bondo linali lopindika kwa zaka opaleshoni isanachitike.

Fufuzani motere. Gonani chagada pamalo olimba, mwendo uwongoke, wina alowetse dzanja kunsi kwa bondo. Likalowa lonse mosavuta, bondo silikufika pansi. Yerekezani ndi mwendo winawo.

Zochita:
- Ikani thaulo lokulunga pansi pa chidendene, kunsi kwa bondo kukhale mpata, n'kulisiya litsike ndi kulemera kwake. Yambani ndi mphindi 2 kapena 3, muzikwera mpaka 10, kangapo patsiku. Phazi liziloza kudenga, lisagwere kumbali. Zimawawa kumbuyo kwa bondo, ndipo m'pomwe payenera kuwawa.
- Muli pomwepo, limbitsani ntchafu ngati mukukanikizira bondo pansi, gwirani masekondi 5, masulani.
- Poyenda, chidendene chiziyamba kugunda pansi.

Ngati pofika masabata 6 mpata uja sukuchepa, a mafizo akhoza kuonjezera kolemera pamwamba pa ntchafu kapena kukupatsani chomangira cha usiku.

4. Ntchafu yafooka, bondo likugonja mukaponda

Mwezi woyamba ukamatha, mphamvu ya mnofu wa kutsogolo kwa ntchafu imatha kukhala itatsika ndi theka kapena kupitirira. Si ulesi wanu ayi. Mnofuwo unali utafooka kale ndi zaka za nyamakazi, kenako opaleshoni ndi kutupa zaugonetsa.

Zoyambitsa:
1. Mnofu sukudzuka chifukwa cha kutupa ndi ululu.
2. Kungoyenda basi, osachita mafizo olimbitsa. Kuyenda kokha sikubwezeretsa ntchafu, chifukwa thupi limaphunzira kuzemba n'kumasenzetsa mwendo winawo.
3. Kutaya ndodo msanga.
4. Mafizo osakula. Zimene munkachita sabata yoyamba sizingakulimbitseni mwezi wachitatu.
5. Minyewa yogwira bondo m'mbali yalobodoka, kapena mtsempha wokoka wa kutsogolo kwa bondo waduka.

Fufuzani motere. Gonani chagada, pindani mwendo wabwino, limbitsani ntchafu ya mwendo wa opaleshoni n'kuukweza. Bondo likamapindika kaye chidendene chisanachoke pabedi, mnofu sunadzuke mokwanira. Onaninso podzuka pampando: kodi phazi la mwendo wa opaleshoni mukuliika patsogolo, thupi n'kupendekera ku mwendo wabwino?

Zochita:
- Pitirizani kulimbitsa ntchafu mutagona, kenako kukweza mwendo wowongoka, kenako kuwongola bondo mutakhala pampando.
- Dzukani ndi kukhala pampando wautali, mapazi ali pamzere umodzi, kulemera kukhale pakati. Zikaphweka, gwiritsani ntchito mpando wotsikirapo, kapena lekani kudzikankha ndi manja.
- Kwerani ndi kutsika sitepe imodzi yaifupi mutagwira polimba.
- Muzionjezera kulemera. Ngati mukutha kubwereza maulendo 15 osatopa, ntchitoyo yakuchepera.
- Mnofu ukakana kudzuka, a mafizo ali ndi kachipangizo kamagetsi kamene amamata pantchafu kuti kaukoke. Kamathandiza kwambiri m'masabata oyamba.

Ngati bondo likugwedera cham'mbali, kapena likugonjabe ngakhale ntchafu yalimba, limenelo si vuto la mafizo, ndi la dokotala wa opaleshoni.

5. Ululu wa usiku ndi kusowa tulo

Ili ndi dandaulo limene anthu ambiri sachenjezedwa. Masana bondo limayendayenda n'kumafewa, usiku limakhala malo amodzi n'kuuma. Kusowa tulo kumatha kupitirira masabata 6, kwa ena mpaka miyezi 3.

Zoyambitsa:
1. Ntchito ya masana inachuluka.
2. Kusiya mankhwala opha ululu msanga, kapena kudikira kuti ululu ufike pachimake.
3. Kagonedwe.
4. Ululu wa mitsempha, wotentha ngati moto kapena wobaya, khungu losafuna kukhudzidwa ngakhale ndi nsalu.
5. Tizilombo m'bondo.

Zochita:
- Konzani nthawi ya mankhwala kuti ena agwere pogona. Ikani ayezi musanalowe m'bulangete.
- Mafizo ovuta muzichita m'mawa ndi masana.
- Pogona chammbali ikani pilo pakati pa mawondo.
- Ululu ukakudzutsani, dzukani muyende pang'ono m'nyumba, kapena pindani ndi kuwongola muli pabedi pomwepo.

Musamwe ibuprofen kapena diclofenac mwa inu nokha ngati muli pa mankhwala oletsa magazi kuundana, kapena muli ndi vuto la impso kapena zilonda zam'mimba. Mankhwala amphamvu monga codeine, tramadol ndi morphine amadzimbitsa ndi kuchititsa chizungulire, choncho samalani podzuka usiku. Ululu wotentha uja ukabwera pamodzi ndi kusintha mtundu kwa khungu kapena thukuta la mwendo umodzi, uzani dokotala msanga, chifukwa umafuna mankhwala ena.

6. Kutsimphina ndi kuvutika pa masitepe

Zoyambitsa:
1. Bondo losawongoka kapena ntchafu yofooka. Bwererani ku gawo 3 ndi 4.
2. Chizolowezi. Munthu amene watsimphina zaka zambiri amapitiriza ngakhale ululu utatha.
3. Ndodo yagwiridwa mbali yolakwika, kapena kutalika kwake si koyenera.
4. Minofu ya m'matako ndi m'chiuno yafooka.

Ndodo imagwiridwa ndi dzanja la mbali ya mwendo wabwino, ndipo imayenda limodzi ndi mwendo wa opaleshoni. Mutaimirira manja ali lende, chogwirira chake chifike pamfundo ya dzanja. Musaitaye chifukwa cha manyazi. Itayeni mukatha kuyenda osapendekera. Pa masitepe, pokwera tsogozani mwendo wabwino, potsika tsogozani wa opaleshoni. Kutsika mosinthanitsa miyendo ndi kumene kumabwera komalizira, nthawi zina patapita miyezi. Pemphani wina akujambuleni ndi foni mukuyenda. Mudzaona zimene simukuzimva.

7. Bondo likulira, likutentha, kapena lili ndi dzanzi

Kaphokoso kogogoda mukamayenda kapena kugwedeza mwendo ndi chitsulo chikugunda pulasitiki. Ngati sikakupweteka, kasiyeni, kamachepa minofu ikalimba. Chofunika kukaonetsa ndi kugunda kowawa, kokhala ngati chinthu chakodwa n'kumasuka pamene mukuwongola bondo podzuka pampando.

Dzanzi la kunja kwa chipsera limabwera chifukwa kamtsempha ka pakhungu kamadulidwa pocheka. Malowo amachepa m'kupita kwa miyezi, ngakhale kwa ena kachigawo kamatsalabe. Silikhudza mphamvu ya mwendo. Bondo kukhala lofunda kuposa linzake, makamaka mukatha mafizo, kumatha kufika chaka.

8. Bala likuchucha kapena lafiira

Zoyambitsa:
1. Timadzi tochepa m'masiku oyamba, timene timauma tokha.
2. Kupinda mwamphamvu bala lisanagwirane.
3. Khungu lanyansidwa ndi pulasitala kapena ulusi.
4. Tizilombo. Chiopsezo chimakula kwa odwala matenda a shuga, osuta fodya ndi onenepa kwambiri.

Jambulani mzere ndi cholembera m'mphepete mwa pamene pafiira. Kufiirako kukadutsa mzere, kapena bala likamanyowetsabe bandeji patadutsa masiku angapo, imbirani achipatala amene anakuchitani opaleshoni. Musaviike bondo m'madzi, musapake mafuta pabala, mpaka litatsekeka bwino. Ulusi kapena timawaya amachotsa patatha masiku 10 mpaka 14.

Chenjezo lalikulu apa: musayambe kumwa mankhwala opha tizilombo dokotala wa opaleshoni asanalione bondo. Iye angafune kupopa madzi a m'bondo kuti akayeze, ndipo mankhwala omwa mwachisawawa amabisa tizilombo. Matenda akagwidwa m'masabata oyamba, nthawi zambiri amatha kutsuka bondo n'kusiya chitsulo momwemo. Akachedwa, chimafunika kuchotsedwa.

9. Padutsa miyezi, koma bondo likupwetekabe

Kuchira kwenikweni kumatenga chaka, ndipo kusintha kwakukulu kumaoneka m'miyezi 3 yoyamba. Ngakhale zili choncho, pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu amatsala ndi ululu wina kapena sakhutira ndi bondo lake. Kugwada kumavuta ambiri. Nthawi zambiri sikuononga chitsulo, kumangokhala kosasangalatsa, ndipo dokotala akavomereza mutha kuyamba kuzolowera pa pilo. Kuyenda, kusambira ndi kupalasa njinga n'zabwino. Kuthamanga ndi kudumpha kumadya pulasitiki msanga.

Zoyambitsa:
1. Mafizo anasiyidwa ululu woyamba utangotha, ntchafu isanalimbe.
2. Ululu ukuchokera kwina, m'mfundo ya m'chiuno kapena kumsana, n'kumamvekera m'bondo.
3. Kafupa kozungulira ka kutsogolo kwa bondo sikakuyenda m'njira yake, ululu n'kumamveka kutsogolo potsika masitepe.
4. Bondo lagwedera kapena lauma.
5. Matenda obisika, kapena chitsulo chayamba kumasuka ku fupa.

Siyanitsani zinthu ziwiri. Bondo limene likuchira pang'onopang'ono, ngakhale mochedwa, limafuna kubwerera ku mafizo olimbitsa. Bondo limene linali bwino kenako n'kuyamba kupweteka kapena kutupa popanda chifukwa limafuna dokotala wa opaleshoni, ngakhale padutsa zaka. Mukapita, muuzeni ngati ululu umabwera mutangodzuka n'kuponda koyamba, ngati umakudzutsani usiku, komanso ngati posachedwapa munadwala matenda a mkodzo, chithupsa, bala la pamwendo kapena dzino lotupa, chifukwa tizilombo ta m'malo amenewa timatha kuyenda m'magazi n'kukakhala pachitsulo.